Azakhali Esinati ndi Mndandanda wa Nyumba za ku Lwendulu

Patha chaka chimodzi tsopano chimwalirireni azakhali Esinati. Lamlungu lapitali dzina lawo linatchulidwa kutchalitchi pa zolengeza, pakati pa za msonkhano wa amayi ndi za denga lodontha. Anthu ena anagwedeza mitu. Ena, amene ndimawadziwa bwino, anayang'ana pansi kudikira kuti mlembi apitirire. Kuno ku Hwange alipo anthu amene mpaka lero amati azakhali ndiwo anawatulutsa m'nyumba za ku Lwendulu. Aliponso amene amati akugona pansi pa denga chifukwa cha azakhali omwewo. Onsewa akunena za ntchito imodzi, ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ine ndinkakhala m'nyumba ina mwa zimene ntchitoyo inakhudza.

Anali mlongo wawo wa bambo anga, wamkulu. Olankhula Chindebele ankawatcha MaMbewe, kuofesi ankati Mayi Mbewe, koma bambo anga, a Waisoni, ankangoti achemwali, ngakhale atakwiya chotani.

Ndikawakumbukira, choyamba kubwera m'maso ndi bulawuzi yoyera. Aliyense amene anakhalako kuno akudziwa kuti choyera sichichedwa kuda, pakuti fumbi la malasha limalowa ngakhale m'sutikesi yotseka. Azakhali ankasita bulawuzi yawo, n'kuipinda, n'kuiika m'pepala la pulasitiki. M'kombi, minibasi za kuno, ankakwera atavala malaya akale. Akafika kumene akukagwira ntchito, ankapempha kachipinda n'kusintha. Ankati munthu wa kontirakiti alibe mpando wake, alibe chitseko cholembedwa dzina lake, choncho ofesi yake ndi zimene wavalazo.

Liwu limene ankadana nalo linali lakuti mawa. Ukawauza kuti uchita mawa, kapena ukathawira ku Chindebele n'kunena kuti kusasa, ankasolola pensulo imene inkakhala m'mphepete mwa duku lawo n'kufunsa kuti mawa nthawi yanji. Kwa iwo mawa silinali tsiku, anali malo obisalako aulesi. Ankanenanso kuti ntchito imene anthu onse avomera kuigwira ndiyo imene imagona, mpaka wina atatchulidwa dzina. Pamaliro ndi paukwati anthu ankawafuna, komanso ankawaopa. Mafunso awo anali atatu: achita ndani, amaliza liti, nanga zikakanika titani. Ngakhale m'chipatala, milungu yawo yomaliza, anamwino atanena kuti adokotala abwera, azakhali anafunsa ndi mawu osamveka bwino kuti adokotala ake ati, nanga akapanda kubwera.

Agogo aamuna anachokera ku Ntcheu ali mnyamata, n'kudzalowa mumgodi. Azakhali ndi bambo anabadwira mukomboni momwemu, ku Malawi sanapondeko. Bambo anatsata agogo kukagwira ntchito pansi pa nthaka. Azakhali, amene anali ndi mutu wa sukulu, analowa kuofesi ya mgodi ngati wotayipa. Kenaka anawasamutsira kuchipinda chozizira kumene kunali kompyuta yaikulu ngati kabati, yomeza makadi obooledwa. Anakhala kumeneko zaka zoposa makumi awiri, makina akusintha, azungu akuchoka, iwo akukwera, mpaka anakhala mkulu wa gawo lonse la makompyuta. Anapatsidwa nyumba ku Baobab, kumene kale munthu wakuda ankalowako pokhapokha akukasesa kapena kukathirira maluwa. Mwamuna amene anawakwatira anapita ku Joni n'kusowa. Ana analibe.

Chaka cha 2000 chikuyandikira, dziko lonse likuopa kuti makompyuta asokonezeka ndi deti, azakhali ndiwo anatsogolera ntchito yokonza zonse. Chaka chinalowa, palibe chinawonongeka. Iwo ankati tsoka la ntchito yawo ndi limenelo: ukaigwira bwino palibe chimene chimachitika, ndiye anthu amayesa kuti sunachite kanthu. Pasanapite nthawi yaitali analandira kalata yakuti gawo lawo latsekedwa, ntchito za makompyuta azizipereka ku makampani akunja. Nyumba ya kampani imapita ndi ntchito. Anapatsidwa mwezi umodzi.

Anabwera ku Lwendulu pa lole, masana dzuwa likuswa mtengo, komboni yonse ikuonerera. Nyumba ya bambo inali ya zipinda ziwiri. Amayi anga anali atamwalira, ndipo ine ndinali nditabwerera kwathu ndi mwana banja litatha. Choncho azakhali, mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu amene anazolowera bafa lawolawo, anadzagona chipinda chimodzi ndi ine ndi khanda.

Anthu ankawalangiza kuti ayambe geni, azikaoda zovala ngati anzawo. Iwo anakana. Anati chimene akudziwa ndi kuyendetsa ntchito za makompyuta, ndipo ngati palibe wofuna kuwalemba ntchito yokhazikika, azidzigulitsa m'timilu ngati tomato. Kontirakiti yoyamba inali ya miyezi itatu, kumalo ena ogona alendo ku Victoria Falls, kumene ankafuna kusiya mabuku n'kuyamba kulemba alendo pakompyuta. Kenaka kunabwera ya kuchipatala china cha mishoni, kenaka ya kampani ya malole ku Bulawayo. Iwo sankalemba mapulogalamu, sankakokanso mawaya. Ntchito yawo inali kumva chimene eni ake akufuna, kuchigawa m'zidutswa, kupeza anthu, kuika masiku, ndi kuima pakati pamene bwana ndi amisiri ayamba kulozana zala. Bambo sankaimvetsa ntchito imeneyi.

"Achemwali, kompyutayo mumaikonza inu?"

"Ayi, alipo okonza."

"Nanga mawayawo?"

"Alipo okoka."

"Ndiye inu mumatani?"

"Ndimaonetsetsa kuti wokoka waya wabwera tsiku limene wokonza akumufuna."

"Basi ndinu kapitawo wopanda mgodi," bambo anatero, n'kuseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Zaka zimenezo zinali zoipa kwa aliyense, koma kwa munthu amene ntchito yake ndi kulonjeza tsiku zinali zozunza. Magetsi ankatha kuzima Lolemba n'kudzayaka Lachitatu. Mafuta a galimoto ankasowa. Unkayamba pulojekiti ndi amisiri asanu, pofika mwezi wachiwiri atatu ali ku Botswana, osatsazika n'komwe. Azakhali ankakwera sitima ya ku Bulawayo kukasaka ena, n'kuwaphunzitsa, nawonso n'kuthawa. Komabe ankamaliza. Ankanyadira kuti sanadutsitsepo tsiku limene analonjeza.

Chimene ndinkaona ine, wogona nawo chipinda chimodzi, chinali mantha a milungu yomaliza ya kontirakiti iliyonse. Ankasiya kudya. Ankakolopa pokolopa kale. Foni ikalira ankaithamangira ngati mtsikana, n'kuima kaye, kupuma, kuti mawu amveke ngati a munthu wotanganidwa. Ntchito ikatha ankapempha kalata ya umboni, yonena kuti anagwira bwino ndipo anamaliza m'nthawi yake, n'kuiika m'fayilo ya buluu. Ankati kontirakiti ili ngati nthochi: tsinde limabereka kamodzi n'kudulidwa, ndiye ngati pansi palibe mphukira, munda watha. Mphukira zawo zinali makalata amenewo.

Ntchito zenizeni zinali kunja, ku Gaborone ndi ku Lusaka, ndipo kumeneko ankafuna satifiketi ya oyendetsa mapulojekiti. Azakhali anabwereka mabuku, n'kumawerenga m'mamawa patebulo lodyera. Koma mayesowo ankalembedwa kunja kwa dziko, ndipo iwo analibe pasipoti. Pa chitupa chawo panali chilembo chosonyeza kuti ndi mlendo, chifukwa bambo awo anabadwira ku Malawi. Kuti apeze pasipoti anayenera kuyamba akana unzika wa dziko limene sanalionepo, ndipo kuti akane anayenera kubweretsa mapepala a agogo amene sankapezeka. Anapita kuofesi ya mapasipoti katatu, n'kubwerako katatu. Ulendo wachitatu anangokhala pabedi nsapato zili kuphazi, n'kunena kuti sadziwa kuti munthu amakana bwanji chinthu chimene sanapatsidwe.

Pa nthawi imeneyo chifuwa cha bambo chinakula. Adokotala anati mapapo adzaza fumbi, ndipo anawapumitsa ntchito. Kapitawo wina wa za nyumba anawauza pakamwa kuti asade nkhawa, munthu wodwala chifukwa cha mgodi sachotsedwa m'nyumba. Bambo anakhulupirira. Kapitawoyo anadzasamuka, ife osadziwa kumene anapita.

Kenaka azakhali anakhala miyezi isanu opanda kontirakiti. Sanakhalepo nthawi yaitali chotero. M'nyumba munali anthu anayi odalira malipiro anga a uphunzitsi, amene pofika kusitolo anali atasanduka mapepala. Ndiye m'mawa wina foni inalira. Anali bambo Marufu, a kampani ina ya makompyuta ya ku Harare. Kampani yawo inali itapata ntchito yoika nyumba zonse za mukomboni m'kompyuta: nambala ya nyumba, wokhalamo, ndi ntchito yake. Mabuku akale anali atadyedwa ndi chiswe, ena atasochera. Ankafuna munthu wodziwa ntchito, wodziwanso malowo ndi zilankhulo zake, Chichewa, Chindebele ndi Chinambya. Analonjeza kuti akamaliza m'miyezi isanu ndi umodzi adzawatenga ku pulojekiti yaikulu ya kumigodi ya ku Zambia, ndipo za mapepala kampani idzathandiza.

Tsiku limenelo ndinaona azakhali akuvina, atagwirana manja ndi mwana wanga, bambo akuwaimbira m'manja.

Anayamba ndi makalaliki anayi ndi amisiri awiri. Miyezi iwiri yoyamba zonse zinayenda. M'mwezi wachitatu eni nyumba, a kampani ya mgodi, anatumiza pepala lonena zimene akufuna kuti kompyuta izitulutsa ntchito ikatha. Choyamba pa pepalalo chinali mndandanda wa nyumba zonse zimene wokhalamo sakugwiranso ntchito pamgodi. Azakhali anadziwa pomwepo kuti mndandandawo ndi wa chiyani. Mukomboni munali nkhalamba zopuma ntchito, amayi amasiye, ndi olumala, ambiri a iwo ana a anthu ochokera ku Malawi, opanda mudzi wina wopitako. Mabuku odyedwa ndi chiswe aja ndiwo ankawabisa.

Nkhani siigona mukomboni. Sabata isanathe anthu anayamba kubwera pakhomo pathu m'mawa, ena kudzapempha, ena kudzatukwana. Pakati pawo panabwera Abiti Saidi, mayi wachisilamu wa mzere wa kuseri kwathu, amene amuna awo anafera mumgodi kalekale. Iwo sanapemphe, sanatukwane. Anamasula kansalu, n'kutulutsa kalata yofiirira, yong'ambika m'mopinda.

"Nambewe, tandiwerengere iyi. Anandipatsa amuna anga atamwalira. Anati ndisaitaye."

Azakhali anawerenga, n'kubwerezanso. Inali kalata ya mkulu wina wakale wa pamgodi, yonena kuti mayi wamasiyeyu akhale m'nyumbamo moyo wake wonse.

"Alipo ena amene ali ndi makalata ngati iyi?"

"Ambiri. Koma ndani amafunsa?"

Tsiku lomwelo azakhali anakafufuza, n'kupeza kuti lamulo lakale la pamgodi silinafafanizidwe: amene ali ndi kalata yotere sachotsedwa. Koma m'dongosolo la pulojekiti munalibe malo a makalatawo. Kompyuta ikanangoona kuti munthu sakugwira ntchito, basi. Analembera bambo Marufu kupempha kuti awonjezere gawo lina: kuyenda khomo ndi khomo, kujambula kalata iliyonse, n'kuilumikiza ku nambala ya nyumba. Bambo Marufu anavomera milungu itatu.

Bambo anga analibe kalata. Anali ndi mawu a kapitawo uja basi.

Anayambana Lamlungu masana, titabwera kutchalitchi. Bambo anali pakhonde, atatsamira khoma monga ankachitira kuti mpweya ulowe.

"Achemwali, nambala yathu ili pamndandanda?"

"Ili pomwepo."

"Ndiye lembani kuti kalata ndili nayo. Makinawo akumvera inu."

"Sindingathe, Waisoni."

"Simungathe kapena simukufuna?"

"Ndikalemba kuti uli nayo pomwe ulibe, tsiku limene adzatulukire adzati makalata onse ndi abodza. Adzatuluka Abiti Saidi, adzatuluka onse."

"Adzatulukira bwanji? Nyumba zonsezi, ndani adzayang'ana imodzi?"

"Adzayamba ndi yathu. Akudziwa kumene ndimagona."

Bambo anakhosomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya anadziguguda pachifuwa.

"Kalata yanga ndi iyi. Ijambuleni iyi muiike m'kompyuta mwanumo."

"Ndipita kwa adokotala, ndikatenga lipoti. Ndilembera akuluakulu. Ndimusaka kapitawo uja."

"Munabwera pano pa lole, mulibe kolowera. Anakutsegulirani chitseko ndani?"

Bambo anapitiriza.

"Mukudya muno, mukugona muno, nyumba yomweyi mukuigulitsa. Achemwali, amayi akanakhala ndi moyo mukanawayang'ana bwanji?"

Azakhali anaimirira n'kulowa m'nyumba. Zimene analonjezazo anachitadi. Lipoti la adokotala analitenga, makalata analemba atatu, kapitawo anamusaka mpaka anamva kuti anamwalira ku Binga. Yankho linabwera lakuti lipoti la chipatala si kalata ya nyumba.

Milungu itatu ija sinakwane. Anthu ankaopa kutulutsa makalata awo, poganiza kuti azakhali akufuna kuwalanda n'kukawotcha. Ena ankatseka zitseko. Mayi wina anawathira madzi otsukira mbale, n'kuwatcha wogulitsa abale. Azakhali anapukuta kumaso, n'kufunsa mayiyo ngati kalata ali nayo. Anabwererako kawiri mpaka anaitulutsa. Makalata ankapezeka m'mabaibulo, pansi pa masutikesi, m'zitini za tiyi, kuseri kwa zithunzi za ukwati. Makina ojambulira anali amodzi, ndipo magetsi akazima ntchito inkaima. Kunali kotentha mwakuti phula linkamata kunsapato. Azakhali ankabwera madzulo miyendo itatupa, n'kuiviika m'beseni, bambo ali chipinda chinacho osawalankhula.

Tsiku lopereka ntchito linafika n'kudutsa. Kanali koyamba m'moyo wawo.

Patapita milungu isanu ndi iwiri bambo Marufu anabwera okha kuchokera ku Harare. Kuofesi kunalibe magetsi, choncho anadzawapeza kunyumba masana. Ndinawapatsa mpando pakhonde, ndipo zonse ndinazimva ndili pakhomo. Anali munthu waulemu, wa msinkhu woti akanakhala mwana wawo.

"Mayi Mbewe, eni ntchito atopa nafe. Ndabweretsa pepala. Sainani kuti ntchito yatha."

"Mizere itatu ya kumunsi sitinafikeko."

"Makalatawo sanali mumgwirizano. Munawonjezera nokha."

"Ndinakulemberani, munavomera."

"Ndinavomera milungu itatu."

"Mndandanda umene ukutulutsa munthu amene lamulo likuti akhale ndi wolakwika. Sindingasaine kuti chinthu cholakwika chatha. Ndipatseni masiku khumi."

"Ndilibe masiku khumi. Gulu la ku Zambia linyamuka mwezi wamawa, dzina lanu lilipo. Musalitaye chifukwa cha anthu amene akukuthirani madzi akuda. Ndamvanso kuti nyumba ino ili pamndandanda. Mukapita ku Zambia mudzawapezera achimwene anuwa nyumba ina yabwino. Mukakhala, mudzawapatsa chiyani?"

M'chipinda bambo anali atasiya kukhosomola. Ndinadziwa kuti akumvetsera. Azakhali anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Dzanja lawo linapita kuduku, linagwira pensulo, n'kubwerera pamwendo lopanda kanthu.

"Masiku khumi, bambo Marufu. Ndikukupemphani."

Bambo Marufu anatsitsa mawu. "Amayi, inenso ndili pa kontirakiti."

"Ndiye sindisaina."

M'mawa mwake anawachotsa ntchito. Kalata ya umboni sanapatsidwe. Masiku khumi aja anawagwirabe, paokha, opanda wowalipira. Anayenda mizere itatu ija, n'kumakapereka makalata pamanja kwa kalaliki wina wamkazi amene anali adakali ndi chifundo, mpaka mkulu watsopano anatseka zolowetsa. Mzere womaliza sanaumalize. Nyumba zimene sanafikeko ndi zimene eni ake amayang'ana pansi dzina lawo likatchulidwa.

Mndandanda unatuluka. Amene makalata awo analowa anatsala. Ife tinapatsidwa miyezi iwiri. Ndinapeza zipinda ziwiri za lendi kulokeshoni ya khonsolo, kufupi ndi msewu wa malole, kumene fumbi silikhazikika. Tsiku losamuka azakhali anayamba kulongosola kuti katundu uti akwere koyamba. Bambo analankhula kwa ine, osawayang'ana iwo.

"Enelesi, uwauze azakhali ako kuti kumene tikupitako kulibe malo."

Anawatenga ndi Abiti Saidi. Mwana wawo anali ndi kagolosale, ndipo kuseri kwake kunali kachipinda kosungiramo katundu. Anakasesa, n'kuikamo bedi.

Kuchokera pamenepo foni inasiya kulira. Anthu a ntchito imeneyi ndi ochepa ndipo amadziwana. Ku Harare ndi ku Bulawayo kunamveka kuti Mayi Mbewe amachedwetsa ntchito, samva za mabwana. Aliyense wotsegula fayilo ya buluu ija ankafunsa kuti kalata ya pulojekiti yomaliza ili kuti. Azakhali sankanama. Ankafotokoza zonse, munthuyo n'kugwedeza mutu mwaulemu, osaimbanso. M'mawa uliwonse ankayenda wapansi kupita kutauni, kukasitolo ka intaneti, kukatumiza makalata ofunsira ntchito. Mayankho, akabwera, ankati akufuna munthu wa satifiketi, kapena wotha kuyenda kunja. Anapezako tintchito ting'onoting'ono: kuphunzitsa masisitere a pasukulu ina kutayipa, kukonzera wamalonda wina mndandanda wa katundu wake. Tonseto ankatilembera dongosolo ngati pulojekiti yaikulu, ndi masiku ake, ndi zochita zikakanika. Anawonda. Ankamanga siketi ndi chingwe.

Bambo anakhala chaka ndi theka osawalankhula. Azakhali ankabwera Loweruka lililonse, n'kuima pamsewu, n'kundiitana. Ankandipatsa chimene apeza, kaya malambe, kaya mapiritsi a chifuwa amene apempha kwa masisitere, n'kundiuza kuti ndinene kuti ndagula ndine. M'chaka chimene m'masitolo munatsala mashelefu okha, bambo anafooka kwambiri. Masana ena, ndikuwamwetsa phala, anandigwira dzanja.

"Achemwali akudya kumene aliko?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Ukawaone."

Ndinati ndipita ndikapeza mpata. Mpata usanapezeke, patapita masiku awiri, bambo anatisiya. Azakhali ndiwo anayendetsa maliro onse. Matabwa a bokosi anachokera ku wodilopu yawo yomaliza ya ku Baobab. Anapeza lole, anapeza okumba manda, anagawa ophika, koma pamanda anaima kumbuyo kwa anthu ngati mlendo. Titabwerako ndinawauza zimene bambo anafunsa. Anandiyang'ana, n'kukhala pansi pomwepo, padothi, pakati pa anthu. Sanandidzudzule. Ndikanakonda akanandidzudzula.

Ndinawafunsa kamodzi kokha ngati ankadandaula. Panali patapita miyezi ingapo, tikusenda nandolo pakhomo pa kachipinda kawo.

"Ndikanasaina, bwenzi ndili ku Zambia," anatero. "Bwenzi Waisoni atafera m'nyumba ya siling'i, kutali ndi malole aja. Mwina bwenzi alipo. Ndimaziganiza tsiku lililonse."

"Ndiye munalakwa?"

"Sindikudziwa, mwanangu. Ndikamuona Abiti akusesa pakhomo pake ndimati ayi. Ndikadutsa kumanda ndimati inde."

Ndalama zakunja zitayamba kugwira ntchito ndipo zinthu zitayamba kubwerera m'masitolo, anadzuka mtima. Ankati makampani ayambanso mapulojekiti, ndipo amene anathawa aja sanabwerere, choncho adzakumbukira nkhalamba imene inatsala. Anabwerekanso mabuku a mayeso aja. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri. M'mawa wina anagwa panjira ya kutauni, mbali imodzi itauma. Anakhala m'chipatala milungu itatu. Abiti Saidi ndiwo anawasambitsa tsiku lililonse, ndipo pamaliro anakhala kutsogolo m'tchalitchi chimene anali asanalowemo chibadwire.

Dzulo ndinadutsira kugolosale kuja. Mwana wa Abiti anandimasulira waya amene amamangira chitseko cha kachipindako. Mwabwereranso katundu: makireti a mabotolo, matumba a mchere, njinga yopanda gudumu. Pasimenti pakuoneka timaenje tinayi pamene panaima miyendo ya bedi. Zenera ndi laling'ono, loyang'ana kunjanji, ndipo mabogi a malasha akamadutsa galasi lake limanjenjemera.

Panja, pakona ya chipindacho, pali njerwa ziwiri zosanjikiza. Mwana wa Abiti anandiuza kuti pamalo ponsepo foni inkagwira pokhapo, ndiponso munthu atakwera pamwamba pang'ono. Azakhali ndiwo anaziika. Akuti m'mawa uliwonse asanapite kutauni, ndi masana akabwerako, ankaima panjerwapo, dzanja lina litagwira khoma, lina litakweza foni m'mwamba, kudikira ngati pali amene anawafuna. Pakhoma pali malo akuda pamene chikhatho chinkatsamira. Njerwazo zatitimira m'dothi, ndipo m'mbali mwake mwamera chisoso. Palibe amene wazichotsa, palibenso amene amaimapo. Chaka chino anamanga nsanja ya mafoni kuseri kwa msika, moti tsopano foni imagwira paliponse, ngakhale m'kati mwa kachipindamo, pakati pa matumba a mchere.